Dzanja lamanja lisaime

Anzanga, pepala ili ndalembera aliyense amene amalakalaka kuimba gitala koma amadziuza kuti zimenezo ndi za ana a m'tauni. Anthu ambiri akaona woimba gitala amayang'ana dzanja lamanzere, limene limagwira makodi, chifukwa zala zake zimathamangathamanga mochititsa chidwi. Koma nyimbo imayendetsedwa ndi dzanja lamanja, limene limakwapula zingwe. Ndipo ntchito ya dzanja limenelo ambiri a ife tinayamba kuiphunzira kalekale, pa mtondo ndi pa khasu, gitalayo tisanaione n'komwe.

Titatseka Fomu 1, pa holide yaitali ija ya mu Ogasiti, amayi ananditumiza ku Lilongwe kwa amalume kuti ndikathandize akazi awo amene anali ndi mwana wakhanda. Amalume amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Area 10, ndipo amakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Amene simunafikeko, musaganize kuti ku Area 10 kuli ngati kudepoti kumene timatsikira minibasi. Kumeneko kuli zii. Mipanda italiitali ya njerwa, mitengo ikuluikulu, zipata zachitsulo, agalu. Ukhoza kuyenda msewu wonse osakumana ndi mwana akusewera panja. Ukatsokomola umadzimva wekha.

M'kanyumbamo, pa msomali pafupi ndi kalendala, panali gitala. Amalume anawasiyira abwana ena akale pobwerera kwawo. Ndi yakale, yong'aluka pang'ono m'mbali, koma ikulira bwinobwino, ndipo amaimba nayo m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ndinaiyang'ana masiku atatu osanena kanthu. Tsiku lachinayi ndinalimba mtima.

"Amalume, mungandiphunzitseko?"

Anandiyang'ana nthawi ndithu. "Iwe, ukufuna kuimba kapena ukufuna kujambulitsa nayo chithunzi?"

"Kuimba, amalume."

"Ndiye malamulo ndi awiri. Loyamba, ntchito ya pakhomo ithe kaye. Lachiwiri, abwana akakhala m'nyumba, phokoso ayi. Kuno si kumudzi. Ntchito yanga ikatha chifukwa cha gitala, yunifolomu ndi makope ako zithera pomwepo. Wamva?"

Ndinamva, chifukwa zoona zake n'zakuti yunifolomu imene ndavalayi anagula ndi iwowo.

Tsono mungaphunzire bwanji gitala pamalo poletsa phokoso? Amalume anatenga kansalu kakale n'kukalowetsa pansi pa zingwe, kumunsi kwa bowo lija. Gitala inasiya kulira, inkangoti tchaka, tchaka, mawu osafika n'komwe pa khomo. Kenako anandiuza kuti dzanja lamanzere ndingoligoneka pa zingwe osakanikiza. Sabata yonse yoyamba sanandionetse kodi ngakhale imodzi. Inali ntchito ya dzanja lamanja basi.

Phunziro loyamba linali kuwerenga. Nyimbo zambiri zimene timamva pa wailesi zimayenda zinayizinayi: 1, 2, 3, 4, n'kuyambiranso. Pakati pa manambalawo umaikapo mawu oti "ndi", choncho umawerenga kuti 1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi. Pa nambala iliyonse dzanja limatsika. Pa "ndi" aliyense dzanja limakwera. Ndiye kuti pa kuwerenga kumodzi dzanja layenda maulendo 8, anayi pansi, anayi m'mwamba. Lamulo lake ndi lomwelo, silisintha: nambala pansi, "ndi" m'mwamba.

Tsiku loyamba mkono wanga unali gwa ngati mtengo. Amalume anaseka n'kundifunsa kuti, "Kodi kwanu kuja umasinja?" Ndinati eya. "Ukamasinja ndi mnzako mtondo umodzi, umaima kuti uganize kaye?" Ndinati ayi, ukaima misi igundana. "Basi ndi zomwezo. Dzanja ndi musi. Likwere, litsike, lisaime." Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyang'ana zingwe, ndinayamba kumva mtondo m'mutu mwanga, ndipo dzanja linayamba kumvera.

Koma pali kusiyana kumodzi. Posinja timagwiritsa ntchito mapewa ndi msana. Pa gitala mphamvu zotere n'zosafunika. Chigongono chimangoyenda pang'ono, chimene chimagwira ntchito ndi polumikizira dzanja ndi mkono paja. Pamafunika pakhale pofewa, ngati mmene umawazira madzi a m'manja ukamaliza kutsuka mbale. Ukalimbitsa, utopa msanga, ndipo mawu ake amatuluka aukali ngati ukukalipira munthu.

Chinanso ndi ichi. Potsika umatha kukhudza zingwe zonse kapena zambiri, kuyambira zonenepa za kumtunda. Pokwera usavutike kuzikhudza zonse 6, zitatu kapena zinayi zopyapyala za kumunsi zakwana. N'chifukwa chake kutsika kumamveka kolemera, kukwera kumamveka kopepuka, ndipo kusinthana kumeneku ndi kumene kumapangitsa munthu kugwedeza mutu.

Zokwapulira zilipo ziwiri. Ukhoza kugwiritsa ntchito zala, kutsika ndi chikhadabo cha chala cholozera, kukwera ndi chala chachikulu kapena cholozera chomwecho. Kapena ukhoza kugwiritsa ntchito kachidutswa ka pulasitiki kamene oimba amati piki. Yanga amalume anandidulira kuchokera pa khadi lija limatsala munthu akathyola simu khadi, n'kuisalaza m'mbali pa simenti. Umaigwira pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kansonga kokha n'kumaoneka. Osaifinya kwambiri. Ikagwera m'bowo la gitala, tembenuza gitalayo n'kuigwedeza, ituluka. Zimachitikira aliyense.

Nanga liwiro? Woyamba kumene amathamanga pamene pali pophweka n'kuchedwa pamene pali povuta, osadziwa n'komwe kuti akutero. Amalume anali ndi wotchi ya pakhoma imene kamuvi kake ka masekondi kamamveka kuti tiki, tiki. Kamuvi kameneka kamagunda ka 60 pa mphindi imodzi. Anandiuza kuti tiki aliyense ndi nambala, dzanja litsike pamodzi ndi iye, phazi nalo ligunde pansi. Mukhoza kuganiza kuti n'zophweka chifukwa n'zapang'onopang'ono. Yesani muone. Kuyenda pang'onopang'ono osaphonya n'kovuta kuposa kuthamanga. Ndinkachita zimenezi mphindi 15 m'mawa mwana akagona, ndi 15 madzulo.

Sabata yachiwiri ndi pamene panabwera chinsinsi chenicheni, chimene ndi kudumpha. Dzanja limapitirizabe kuyenda maulendo 8 aja, koma pena limadutsa m'malere osakhudza zingwe. Kakwapulidwe kamene amalume anayamba kundipatsa ndi aka, ndipo mukopere m'kope mwanu:

1, pansi. Ndi, dumpha. 2, pansi. Ndi, m'mwamba. 3, dumpha. Ndi, m'mwamba. 4, pansi. Ndi, m'mwamba.

Ukamanena pakamwa zimamveka chonchi: pansi, pansi-m'mwamba, m'mwamba-pansi-m'mwamba. Dzanja layenda ka 8 koma lakhudza zingwe ka 6. Povuta ndi pa 3 paja. Mutu umakuuza kuti poti sukumenya, ima. Ukangoima, m'mwamba wotsatirayo amabwera nthawi yolakwika, nyimbo n'kupunduka. Dzanja liyenera kutsika ndithu pa 3, kungoti lidutse patali pang'ono ndi zingwe. Ine chimene chinandithandiza n'kukumbukira agogo. Akamasinja atasangalala amaponya musi m'mwamba, kuwomba m'manja, n'kuuwakha, koma nthawi yawo mumtondo siisokonekera. Kuwomba m'manja kuja ndi kudumpha kumene ndikunenaku.

Loweruka lina chingwe chopyapyala kwambiri chinaduka, ndiye masana amalume ataweruka tinapita kukagula china. Tinayenda wapansi mpaka ku City Centre, kumene kuli maofesi ataliatali, Reserve Bank ndi Nyumba ya Malamulo, Capital Hill ili chapafupi. Loweruka masana kumenekonso kumakhala anthu ochepa. Tinakwera minibasi ya ku Old Town, ndipo titangotsika makutu anga anatseguka. Makondakitala akuitanira, akabaza akuliza mabelu, masipika a m'mashopu akupikisana, anthu ali pikitipikiti pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowera ku msika waukulu ndi ku Malangalanga. Ndinadzimva ngati ndatuluka m'chipinda cha mayeso.

M'shopu imene tinalowa ndinaphunzira mayina a zingwe, kuyambira chonenepa: E, A, D, G, B, ndi E wina wopyapyala, amene anali woduka uja. Wogulitsa anafunsa amalume ngati akugulira mnyamata wawo. Amalume anangoloza ine n'kunena kuti, "Wodula zingwe ndi uyu." Bamboyo anaseka ngati amva nthabwala. Ine sindinayankhe, koma ndinasunga.

Potuluka tinapeza bambo wina wachikulire atakhala m'mbali mwa msewu akuimba banjo yopanga yekha, kambale ka ndalama kali patsogolo. Amalume anandigwira paphewa. "Usayang'ane nkhope. Yang'ana dzanja." Bamboyo ankathokoza oponya ndalama, kuyankha moni, ngakhale kukalipira kamwana kamene kanatsala pang'ono kuponda kambale, koma dzanja lamanja silinaime ngakhale kamodzi. Makodi ake anali atatu okha. Anthu anaima, ena mpaka kuvina katundu ali pamutu.

Pamenepo amalume anandiuza za Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni ankakhala ku Mtandire, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda wapansi kubwera ku Old Town kudzaimba m'misewu yomweyi. Yobu amaimba babatoni, chida chachitali cha chingwe chimodzi. Yosefe amaimba gitala ya zingwe zinayi zokha, kwinaku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akuimba m'maiko a ku Ulaya. Usiku umenewo tinawaonera pa foni ya amalume, mawu titatsitsa. Anzanga, mukapeza mpata muwaonere, ndipo muyang'ane dzanja lamanja la Yosefe. Limayenda ngati injini ya chigayo. Zingwe zinayi zokha, koma azungu bwalo lonse ali m'mwamba kudumpha. Chimene chikuwavinitsa si kuchuluka kwa makodi.

Makodi ndinayamba sabata yachitatu: G, C ndi D. Ndi atatu amenewa mukhoza kuperekeza makolasi ambiri a kutchalitchi. Nsonga za zala zimapweteka masiku oyamba, kenako zimalimba, ngati mmene m'manja mumalimbira dzinja likayamba. Vuto lalikulu ndi posintha kodi. Zala za kumanzere zimachedwa, ndiye dzanja lamanja limafuna kuzidikira. Amalume ankati, "Minibasi ikanyamuka kondakitala ndi amene amathamangira, osati minibasi kudikira kondakitala." Njira yake ndi iyi: pa "ndi" womaliza, pambuyo pa 4, nyamula zala uyambe ulendo wopita ku kodi ina. Dzanja lamanja likwapule zingwe zili zosagwira choncho, palibe amene adzazindikire. Chofunika n'chakuti pa 1 wotsatira ukhale wafika. Kodi ikatuluka yosamveka bwino koma nthawi ili yolondola, oimba amapitiriza. Kodi ikatuluka yoyera koma yochedwa, kwaya yonse imasokonezeka.

Ukadziwa kuti dzanja siliima, mitundu ina ya nyimbo imangokhala nkhani ya kusankha pomenya ndi podumpha. Tengani rege, ngati ya Black Missionaries a ku Chileka, gulu limene anayambitsa Evison Matafale amene anamwalira mu 2001. Pa rege gitala imadumpha 1 ndi 3, n'kumenya pa 2 ndi pa 4, mwachidule, ndipo ukangomenya umamasula zala za kumanzere pang'ono osazichotsa pa zingwe kuti mawu adulike. Pali nyimbo zinanso zimene siziyenda zinayizinayi koma zitatuzitatu. Umawerenga 1, 2, 3, 4, 5, 6, kulemeretsa pa 1 ndi pa 4. Amalume ankaganiza kuti izi zindivuta, koma aliyense amene anasinjapo anthu atatu mtondo umodzi akuzidziwa kale.

Tsiku lina masana, abwana atachoka, tinachotsa kansalu kaja. Ndili mkati moimba, pakhomo panaima mwana wamkazi wa abwana, wamkulu pang'ono kwa ine. Tonse sitinadziwe kuti anatsala m'nyumba. Akazi a amalume anaimirira mwana ali m'manja, nkhope itasintha. Ine mtima unali phaphapha, ndikuganiza za ntchito ya amalume. Mtsikanayo anabwerera osanena kanthu, ndipo mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa piriyodi ya masamu. Kenako anatulukira atanyamula gitala yake yatsopano, yonyezimira.

Iye amadziwa makodi ambirimbiri, ena oti chala chimodzi chigone pa zingwe zonse, anaphunzira pa YouTube. Ali ndi pulogalamu pa foni yotchunira gitala. Koma akamaimba, nyimbo inkaima pa kodi iliyonse ngati basi ya m'masiteji. Anandifunsa kuti dzanja langa limatha bwanji kuyenda osaima. Ndinamuikira kansalu pansi pa zingwe n'kumuwerengera 1 ndi 2 ndi. Za mtondo ndinamufotokozera, koma anati sanagwirepo musi chibadwire. Iye anandiphunzitsa E minor ndi A minor, ndi kutchuna. Madzulo anawauza amayi ake, ndipo anatilola kuimba pakhonde la kuseri ola limodzi masana alionse. Amalume anapuma mpweya wautali tsiku limenelo. Sindinganene kuti tinakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Holide itatha iye anabwerera kusukulu yake, ine kuno. Koma ndinaona ndi maso anga kuti iye anali ndi zimene ine ndilibe, inenso ndinali ndi chimene iye analibe, ndipo changacho sichigulidwa m'shopu.

Nkhondo ina inandidikira kumudzi. Agogo atamva anati gitala ndi ya amuna a pa mowa, mtsikana wa ulemu sagwira. Anthu ena pa mjigo anayamba kunena kuti mwana wapita m'tauni mwezi umodzi wabwerako ndi makhalidwe. Amayi sananene za makhalidwe, nkhawa yawo ndi JCE. Anati, "Mwanawe, chaka chino ndi cha mayeso. Gitala sidzakulembera." Sindinawatsutse, chifukwa akunena zoona, ndipo tonse tikudziwa anzathu amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha zinthu zimene zinayamba ngati masewera. Tinapangana kuti ndiziyeserera mphindi 20 zokha pa tsiku, homuweki ndi ntchito zikatha, ndipo ndikatsika pa mayeso a teremu ino zonse ziima mpaka JCE idutse. Pangano limeneli ndalilemba kuchikuto kwa kope la Bayoloje kuti ndiziliona.

Agogo ndinawayankha mwanjira ina. Ndinawauza kuti ku Area 23 kuli sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads kumene atsikana amaphunzira gitala ndi ng'oma masanasana, aphunzitsi alipo. Anangoti "kaya". Koma tsiku lina akusinja ndinakhala pambali n'kumakwapula pa ntchafu motsatira musi wawo. Anafulumiza dala kuti anditaye, ine osatayika. Anachedwetsa, ine nawo. Mapeto ake anaseka mpaka kutsamira mtondo. Sanavomereze ndi pakamwa, koma za amuna a pa mowa sanazitchulenso.

Gitala ija inatsala pa msomali wake ku Area 10, chifukwa ndi ya amalume ndipo kwaya ikuidalira. Ine ndi mchimwene wanga tapanga yathu: chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, thabwa, misomali, ndi mawaya osomola ku kebulo ya mabuleki a njinga. Ili ndi zingwe zinayi ndipo imasuluka msanga, koma dzanja lamanja silidziwa kusiyana kwake. Ngakhale popanda chigubucho, mukhoza kuyeserera pa ntchafu, pa rula, kapena pa chipeso. Popita kusukulu m'mawa mapazi anu akuwerenga kale 1, 2, 3, 4. Ikanipo "ndi" pakati, dzanja liziyenda m'mbali mwa siketi kapena buluku. Ulendo wathu ndi wautali, nthawi yoyeserera ilipo yambiri.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndinalankhula ndi aphunzitsi oyang'anira makalabu, ndipo anati tikakwana anthu 10 atilola kukumana Lachitatu nthawi ya makalabu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2. Amene muli ndi gitala kapena banjo kunyumba, ya achimwene kapena ya kutchalitchi, pemphani mwaulemu mubwere nayo. Amene mulibe, bwerani ndi rula ndi kansalu. Atsikana anzanga, musadikire kuti anyamata ayambe alemba. Masabata awiri oyamba sitigwira kodi iliyonse, ndiye amene akufuna kujambulitsa chithunzi asavutike kubwera. Lembani dzina ndi kalasi pa pepala limene ndamata pansipa, ndipo chonde cholembera chimene ndamangirira pa chingwecho muchisiye pomwepo.